Kingswood ya Mayi Dorofe

Kuno ku Magodi anthu amati ndinathamangitsidwa ku Australia chifukwa cha mowa. Ena amati anandigwira ndi mkazi wa mzungu. Mowa ndinasiya ndisanakwatire, ndipo nkhope yangayi mukuiona nokha, mkazi wa mzungu angaifunirenji? Chimene chinandibweza ndi kachitsulo kosaposa phazi langali.

Ntchito yokhoma mabodi a motoka ndinaiphunzira kwa malume pa boma la Lundazi, kuseri kwa msika. Pamenepo lamulo linali limodzi: chitsulo sichitayidwa. Pulawo ikathyoka, wotcherera. Foloko ya njinga, ekiselo ya ngolo, sipulingi ya minibasi, wotcherera. Malume ankati makanika wofunsa sipeya yatsopano ndi mlesi wovala ovolosi. Ndinadzapita ku Chipata, kenako ku Kitwe, n'kupeza mapepala a ntchito, koma dzanja linakhalabe la malume. Ku Kitwe komweko ndiko ndinamva kuti ku Australia akusowa anthu okhoma mabodi. Anatiyesa, ine ndinakhoza.

Tsiku lonyamuka, mkazi wanga NyaMtonga anandiperekeza mpaka pamsewu, chikwama changa chili pamutu pake, ana awiri akutsatira. Sanalire. Anangoti, "Mukafika mutiitane msanga, atate a Tiyezge. Ana angakuiwaleni." Ndinalonjeza.

Kumene ananditumiza sikunali kumzinda wa nyumba zazitali zimene mumaziona pa foni. Kanali katauni ka msewu umodzi pakati pa minda ya tirigu, dziko lathyathyathya, ntchentche zosamva kukupiza. Galaja inali ya mkulu wina wotchedwa Kolini, wamtali, wopindika msana, wosalankhula zambiri. Chiphaso changa chokhalira m'dzikomo chinali chomangidwa ku galaja yawo ngati mbuzi pachikhomo. Iwo atangonena kuti basi, ndikanakhala ndi masiku owerengeka opezera bwana wina, apo ayi ndege. Ndipo mapepala oitanira NyaMtonga ndi ana ankadalira ntchito yomweyo. Choncho ndinkafika m'mawa iwo asanafike, n'kumati inde bwana ngakhale pamene sindinamve bwino chizungu chawo chotulukira m'mphuno.

Mwayi wanga unali Jere, mnyamata wamkulu wa ku Mzimba amene ankagwira ntchito ya matayala a mathirakitala. Tinakumana m'sitolo. Wogulitsa atandipatsa katundu lilime linaterereka, ndinati "Yewo", ndiye ndinangomva munthu kumbuyo akuti, "Monile, ŵa dada." Ndinatsala pang'ono kumukumbatira pamzere pomwepo. Mzimba ndi Lundazi n'kungodumpha malire. Tinayamba kukhala nyumba imodzi ya matabwa, iye akuphika, ine ndikutsuka, chifukwa kuphika kwanga ankati n'kwa kundende.

Galaja ya a Kolini sinkalandira motoka zatsopano. Inali ya zakalekale zokhazokha, makamaka zopangidwa ku Australia komweko. Poyamba ndinkaseka mumtima. Anthu olemera chonchi, kumalimbana ndi zigoba zimene kwathu tikanadula n'kupanga ngolo ya ng'ombe? Koma a Kolini, amene pa nkhani zina mawu ankachita kuwakoka, pa motokazi ankalankhula mpaka tiyi kuzizira. Anati kale dziko lawo linkadzipangira motoka zake, zolimbira misewu yawo yafumbi ndi maulendo awo aatali. Mwa zonsezo panali ina yotchedwa Kingswood, motoka ya banja. Mpando wakutsogolo wautali ngati benchi la kutchalitchi, giya ili pachiwongolero, injini ya masilinda sikisi, malo mu boneti oti munthu n'kukhalamo akumanga. Alimi, aphunzitsi, a matakisi, aliyense ankayendera imeneyo. Kenako anasiya kuipanga, m'kupita kwa zaka mafakitale a motoka onse anatsekedwa, ndipo m'pamene anthu anadzidzimuka. Anayamba kuzisaka m'mashedi a m'mafamu, zina nkhuku zitaikiramo, kuti azidzutse. "Sakugula motoka awa," anatero a Kolini. "Akufuna kukhalanso pampando wakumbuyo, bambo awo akuyendetsa."

Nanenso ndinazikonda, ndisaname. Bodi yake ndi chitsulo chenicheni, chomva nyundo. Ukachimenya bwino chimabwerera pamalo pake, osati mapepala a masiku anowa.

M'chaka changa chachiwiri kunabwera Kingswood ya Mayi Dorofe, mayi wamasiye wa tsitsi loyera, wamfupi, woyenda mofulumira. Amuna awo anaigula yatsopano chaka chimene anakwatirana. Ana awo onse atabadwa anachoka kuchipatala pa motoka imeneyo. Bambowo atamwalira inakhala m'shedi zaka zambiri, makoswe atadya mipando, dzimbiri litaboola pansi. Tsopano mdzukulu wawo wamkazi ankakwatiwa, ndipo ankafuna kuti apite kutchalitchi pa motoka ya agogo ake. A Kolini anandipatsa ine bodi yonse. Ndinadula zowola, n'kupinda malata atsopano ndi manja, n'kuipaka penti yake yakale, yobiriwira ngati mango osapsa. Lachisanu lililonse Mayi Dorofe ankabwera ndi makeke m'chitini. Ankaisisita motokayo padenga, kenako n'kundifunsa za Tiyezge ndi mng'ono wake, mayina awo osawaphonya.

Tsiku lina a Kolini atapita kutauni yaikulu kukatenga magalasi, ndinali kutsuka zitsulo za kunsi kutsogolo. Pali kachitsulo kokhota kamene kamalumikiza chiwongolero ndi tayala lakutsogolo. Ife amakanika timakatcha mkono. Ukapotoza chiwongolero, mkonowo ndiwo umakankha tayala kuti likhote. Nditachotsa gilizi wakale ndinaona mng'alu, wopyapyala ngati tsitsi, pafupi ndi bowo la bawuti.

Sindinaganize kawiri. Kuganiza chiyani? Mikono yotere ndinali nditawotchererapo yambiri ku Lundazi. Ndinakumba mng'aluwo ndi galayinda, ndinatenthetsa chitsulo, ndinawotcherera bwinobwino, n'kuchikwirira mumchenga kuti chizizire pang'onopang'ono monga ankachitira malume. Kenako ndinasalaza, n'kupaka penti yakuda. Ngakhale mwini fakitale sakanazindikira. Sindinawauze a Kolini, osati pobisa ayi, koma kwathu munthu sukauza bwana msomali uliwonse umene wakhoma. Ndinaliza mluzu tsiku lonse. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Motoka itatha, Mayi Dorofe analowa, n'kutseka chitseko, n'kukhala phee manja ali pachiwongolero. Misozi inkangotsika. Analiza injini, anatiimikira dzanja, n'kupita nayo kwawo.

Patapita milungu iwiri kapena itatu kunabwera motoka ina ya mtundu womwewo, yogulidwa kwa munthu wakutali. A Kolini analowa kunsi kwake. Anatulukako nkhope ili psuu, atagwira mkono wa chiwongolero.

"Tabwera uone," anandiitana. Anapala penti ndi mpeni, panaoneka mzere wa kuwotcherera. "Ukuona ichi? Uku n'kupha anthu. Chitsulo cha chiwongolero chikapsa ndi moto chimasintha m'kati. Kunja chimaoneka bwino, ndipo sichichenjeza. Chimangoduka tsiku lina uli pa liwiro, tayala n'kuloza kumene lafuna, kutsogolo kukubwera lole ya ngolo zitatu. Lamulo limaletsa. Munthu wochita izi m'galaja yanga sangafike madzulo."

Anachiponya m'diramu ya zotaya. Kenako anandiyang'ana, osati mokayikira, kungofuna kudziwa basi. "Kwanu mumachita zimenezi?"

"Ayi, bwana," ndinatero.

Mawuwo anatuluka okha. Ndinapita kuchimbudzi, n'kukhala pansi nthawi yaitali.

Kuyambira tsiku limenelo sindinakhalenso munthu. Ambulansi ikalira kumsewu waukulu, sipanala inkagwa m'manja. Foni ya m'galaja ikaitana ndinkasiya kupuma mpaka nditamva kuti ndi nkhani ya penti. Lamlungu lililonse masana Mayi Dorofe ankadutsa pa nyumba yathu ndi Kingswood yawo, akuliza huta, ine n'kumawaimikira dzanja, maso ali pa tayala lakumanzere. Chakudya chinkangotsala m'mbale. Lamba ndinaboola mabowo awiri atsopano.

Nthawi yomweyonso nkhani za kumudzi zinali zokoma. NyaMtonga anaimba kuti mapasipoti atuluka. Munda anaupereka kwa mlongo wake kuti azilima. Mbuzi anagawira azakhali. Amayi a kutchalitchi anali atamuimbira kale nyimbo zotsanzikana. "Ŵanthu akuti nizabwela namafuta," ankaseka pa foni. Ine ndinkasekanso, thukuta lili kamukamu.

Ndinamuuza Jere tikudya Loweruka masana. Anasiya kudya, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mnyane, tseka pakamwa," anatero. "Mzungu uja wanena yekha kuti sungafike madzulo. Ukufuna kubwerera ku kaya ndi chikwama chokha? Kodi ku Lundazi unawotcherera ingati yotere?"

"Yambiri."

"Unamvapo kuti wina unathyoka?"

Sindinamvepo. Koma ndinayamba kuganiza kuti munthu amene mkono wamuthyokera pa liwiro sabwera kudzadandaula. Ndinamuuza zimenezo, iye anati ndasanduka m'busa.

Komabe Jere sanali munthu woipa. Ndiye anabweretsa nzeru yoti tisake mkono wina wabwino, ndikausinthe mwakachetechete, nkhani ithere pomwepo. Kuitanitsa kudzera kugalaja sikukanatheka, a Kolini akanafunsa kuti ndi wa motoka iti. Ndiye Loweruka lililonse tinkakwera kamotoka ka Jere n'kumazungulira m'mafamu. Tinapitanso kumisika ina kumene madala amayala zitsulo zadzimbiri pamatebulo, n'kumakangana za chaka chimene nyali yakutiyakuti inasintha. Mmodzi anali ndi mkono wakumanja, ine ndimafuna wakumanzere. Wina anali nawo koma wopindika. Masiku akupita, ukwati ukuyandikira. Pomaliza mlimi wina anatilozera kuseri kwa khola la nkhosa, kumene kunali chigoba cha Kingswood mtengo utamera pakati pake. Anatichenjeza za njoka. Ine amene ndimathawa ngakhale nalikukuti ndinakwawira kunsi kwake osayang'ana n'komwe. Mkono unali wabwino. Ndinaupukuta, ndinauyang'ana padzuwa mbali zonse, ndinatsala pang'ono kuupsompsona.

Ukwati unali Loweruka la mlungu wotsatira. Lachiwiri pa nthawi ya chakudya cha masana ndinatenga jeke, masipanala ndi mkono uja m'thumba, n'kupita kwa Mayi Dorofe. Bodza ndinali nditalikonza kale: ndabwera kudzathira gilizi ukwati usanafike. Ntchito ya ola limodzi.

Chitseko cha shedi chinali chotsegula. M'katimo munalibe kanthu, madontho a oyilo okha pasimenti.

Mayi Dorofe anatuluka akupukuta manja. "Wafika mochedwa, mwana wanga. Mwana wanga wamwamuna wanyamuka nayo m'mawa uno, iye, mkazi wake ndi ana awo awiri aang'ono. Ukwati uli kutauni ya kunyanja, kodi sindinakuuze? Akufuna akaitsuke ndi kuimanga maliboni. Ine ndinyamuka Lachinayi ndi aneba."

Ine nthawi yonseyi ndinkayesa ukwati uli patchalitchi cha m'katauni momwemo, ulendo wa kamphindi. Kunyanjako unali ulendo wa tsiku lathunthu, pa msewu wowongoka umene anthu amathamanga ngati akuthawa nkhondo, malole aatali aja akudutsana nawo.

Sindikukumbuka kuti ndinaganiza zogwada. Ndinangopezeka mawondo ali pamiyala ya pabwalo, ndikuomba m'manja monga timachitira kwathu ukalakwira munthu wamkulu. Mayiwo anadabwa, anayesa ndadwala.

"Dzuka, chavuta n'chiyani? Ndiitane dokotala?"

"Amama, aimbireni foni aime. Asayendenso ngakhale pang'ono."

Ndinawauza zonse ndili chogwada, chizungu chikuthawa, mawu ena akutuluka m'Chitumbuka. Ndinatulutsa mkono m'thumba kuwaonetsa pamene panali mng'alu pa unzake. Anamvetsa. Nkhope yawo inasintha, anathamangira m'nyumba, ine pambuyo.

Foni sinalowe. Kutchire kwawoko netiweki imasowa mtunda wautali. Anaimbanso kwa mpongozi wawo, chimodzimodzi. Tinakhala m'khitchini, iwo uko ine uku, wotchi ya pakhoma ikugunda. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Anateleka madzi, anathira tiyi m'makapu awiri, palibe anamwa.

"Chingathyoke?" anandifunsa.

"Sindikudziwa, amama."

"Unachita bwanji osadziwa?"

"Kwathu timatero. Ndinkayesa ndikukuthandizani."

Anaimbanso. Anaimbanso. Pena ankaimirira kupita pawindo ngati motokayo itulukira pageti. Kenako anayamba kundiuza za adzukuluwo, kuti wamng'ono amakonda kukhala kutsogolo pakati pa makolo ake, pa benchi paja, chifukwa sanaonepo mpando wotero. Benchi limenelo ndinalimanga ndine. M'maso mwanga ndinkangoona tayala likukhotera kumene lafuna. Ndinapemphera m'zilankhulo zonse zimene ndimadziwa. Mantha ngati amenewo sindinawamvepo, ngakhale tsiku limene njovu inatitsekera njira ku nkhalango ya Lukusuzi ndili mwana.

Dzuwa litapendeka foni inalowa. Mwana wawo anayankha akutafuna. Anali ataima pamalo omwetsera mafuta, ana akudya ayisikilimu. Mayi Dorofe anangoti, "Usailizenso motokayo. Chotsa makiyi, upatse mkazi wako. Ndikufotokozera." Atamaliza anakhala pansi, n'kuphimba nkhope ndi manja. Kenako anaimbira a Kolini. Ine ndinamwa tiyi wozizira uja.

Kingswood inabwerera itakwezedwa pa lole. M'mawa mwake a Kolini analowa okha kunsi, osandilankhula. Anamasula mkono wanga uja, anaumanga pa vayisi, anatenga nyundo yaikulu imene tinkawongolera matcheshisi. Anati, "Ima apo uone chimene ukanachita."

Anamenya. Chitsulo chinalira, osathyoka. Anamenyanso. Anavula chipewa, anamenya kachitatu, kachinayi, mpaka ndinasiya kuwerenga. Tebulo linkadumpha, thukuta likuyenderera m'khosi mwawo. Mkonowo unayamba kupindika kumapeto, kutali ndi pamene ndinawotcherera. Pamene ndinawotchererapo panali pomwepo, ngati sipanakhudzidwe.

Anaika nyundo pansi akupuma mwabefu. Anaumasula, anautembenuza m'manja nthawi yaitali.

"Zaka zonse ndagwira ntchitoyi sindinaone munthu wowotcherera chonchi," anatero. "Koma nyundo si msewu. Ndipo ndinakufunsa, iwe unati ayi. Tsopano motoka iliyonse imene unagwirapo ndiyenera kuiitanitsa, ndilowe kunsi ndekha. Msana wanga wakalamba. Sindingagwire ntchito ndi munthu amene ndiyenera kumuyang'ana m'mbuyo."

Anamanga mkono umene ndinaupeza kukhola la nkhosa, ndipo mkwatibwi anapitadi kutchalitchi pa motoka ya agogo ake. Mayi Dorofe atabwerako ku ukwati anapita kukandipepesera. Ndinawaona pawindo la ofesi akulankhula, akuloza kumene ndinali. A Kolini ankangopukusa mutu. Sanandinenere kuboma, anandilola kumaliza mwezi. Ndinayesa magalaja ena, koma anthu a motoka zakale amadziwana onse, ndipo aliyense ankayamba waimbira a Kolini. A Kolini sankanama. Masiku a chiphaso anatha.

Jere anandiperekeza kokwerera basi. Titafika anati, "Ukanadikira Lamlungu, motoka ikanabwera yokha, tikanasintha." Ndinati mwina. Anandigwira paphewa, n'kubwerera ku matayala ake.

Kuchoka ku Chipata ndinakwera minibasi, kuchoka pa boma ndinakwera kumbuyo kwa kanta, kalole konyamula chimanga. Ndinafika masana, anthu ali m'minda. Tiyezge anali atatalika kufika paphewa panga, anandipatsa moni wa mlendo, atagwada patali. Wamng'ono anabisala kuseri kwa nkhokwe. M'munda mwanga mlamu anali atabzala fodya, ndipo anandiuza mosapsatira kuti za munda tikambirana akakolola. Azakhali anatumiza uthenga woti mbuzi zinafa ndi chitopa, ngakhale chitopa ndi cha nkhuku. Kutchalitchi amayi amene anamuimbira NyaMtonga nyimbo zotsanzikana ankamupatsa moni mokweza, "Mwabwelako liti ku Australia?" Iye ankangomwetulira. Madiresi amene anasokera ulendo anawapinda, n'kuwaika pansi pa sutikesi.

Milungu ingapo sanandifunse kanthu. Ankandipatsa madzi osamba, chakudya, ulemu wonse, koma maso ake sankakhala pa ine. Tsiku lina masana tili awiri pakhonde, iye akusenda nshawa m'lichero, anati, "Atate a Tiyezge, ŵanthu akamba vambili. Nifuna nimvele kwa imwe."

Ndinamuuza zonse, kuyambira mng'alu mpaka nyundo ya a Kolini. Anamvetsera osasiya kusenda.

"Ŵanthu aja anafa?"

"Ayi."

"Anapwetekeka?"

"Ayi. Anaima bwinobwino."

"Chitsulo chija chinathyoka?"

"Sichinathyoke. Ngakhale ndi nyundo chinakana."

Manja ake anaima. Anandiyang'ana m'maso koyamba chibwerere.

"Nanga munakambilanji?"

Ndinafuna kumuuza za kamwana kaja pa benchi lakutsogolo, koma ana athu ankabwera poteropo kuchokera kudambo, wamng'ono atasenza mtolo wa nkhuni, opanda nsapato. NyaMtonga anadikira pang'ono, kenako anatola lichero lake n'kukapetera kuseri kwa nyumba.